Khanda likamati "mamama", likuitana ndani?

Moni nonse, takulandiraninso! Musachoke msanga, chifukwa lero ndikhumudwitsako amayi ena. Pepanitu.

Tiyeni tithamange ndi magawo amene khanda limadutsamo pophunzira kulankhula. Choyamba, mwana akangobadwa ntchito yake ndi kulira basi. Chachiwiri, pa milungu 6 mpaka 8 mumayamba kumva ka "aaa", "uuu" kofewa kaja akakhuta. Chachitatu, miyezi 4 mpaka 6: kuseka, kukuwa, kuwuzira malovu ndi milomo. Apa kholingo likutsika, m'kamwa mukukula, lilime likupeza malo oseweramo.

Chachinayi, ndipo apa ndikhalitsa. Pakati pa miyezi 6 ndi 10 kumabwera kubwebweta kwenikweni: bababa, dadada, mamama. Nyumba yonse chimwemwe. "Wanditchula! Wayamba ndi ine!" Bambo naye uko wakwiya.

Ayi ndithu. Sanakutchuleni.

Tayesani nokha pomwe mulipo. Tsekani milomo, tulutsani mawu. Atulukira m'mphuno: mmm. Tsopano tsitsani nsagwada. Ma! Kwezani, tsitsani, kwezani, tsitsani. Mamama. Ndakuonani, mwayesadi. Khanda likungoyendetsa nsagwada mawu ali mkati motuluka, ndipo m, b ndi p ndi zosavuta chifukwa zimangofuna milomo. Katswiri wa zinenero Roman Jakobson analemba zimenezi cha m'ma 1960, pofotokoza chifukwa chake zinenero zosayandikana n'komwe zimatchula makolo ndi mawu ofanana. Ife akuluakulu ndife tinatola phokosolo n'kudzipatsa ngati dzina.

Mukutsutsabe? Ku dziko la Georgia, mawu akuti "mama" amatanthauza bambo. Mayi ndi "deda". Ndiye tandiuzeni, khanda la ku Tbilisi, likulu la dzikolo, likamati mamama likuitana ndani? Lembani m'makomenti, ndipo ngati simunadine subscribe, mukudikira chiyani?

Koma musasiye kumuyankha! Mukamatembenuka n'kumwetulira nthawi iliyonse akati "mama", ndi pomwe amazindikira kuti kaphokoso aka kamabweretsa munthu uja. Liwu loyamba lenileni, loti akulinena dala poloza chinthu chomwecho, limabwera chakumapeto kwa chaka choyamba.

Chachisanu, akamayandikira chaka amasakaniza: bada, gudi, mpaka kumveka ngati akukufunsani funso, chonsecho mulibe liwu ndi limodzi lomwe.

Ichi chokha musachiphonye. Mwana wosamva nayenso amalira, amaseka, amachita "aaa", choncho makolo sazindikira msanga. Chimene chimachedwa ndi bababa uja. Mu 1991 katswiri wofufuza Laura-Ann Petitto anasonyeza kuti makanda osamva okulira pakati pa anthu olankhula chinenero chamanja amabwebweta ndi manja. Ndiye miyezi 10 ikakwana opanda bababa kapena mamama, kapena anayamba kenako n'kusiya, pitani naye akamuyeze makutu. Osamvera zoti "bambo ake nawonso anachedwa".

Vidiyo yotsatira: kodi zinenero ziwiri pakhomo zimamusokoneza mwana? Dinani kabelu kaja.