Kagalu kobisala kuseri kwa matumba a makala

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo olemba asaina kuti "Mayi wa ana atatu". Akuti:

"Masabata awiri apitawo tinakatenga kagalu ku bungwe losamalira nyama la LSPCA. Kali ndi miyezi isanu, ndipo akuti kanatoledwa m'ngalande kali nthiti zokhazokha. Chibwerereni kamangobisala kuseri kwa matumba a makala. Ana akakayandikira kamanjenjemera, mwinanso kukodza pomwepo. Masana sikadya, koma kukacha timapeza mbale ili mbee. Bambo a kunyumba akuti tikabweze. Kodi kadzasintha?"

Mayi, mbale ya mbeeyo ndiyo yandilimbitsa mtima. Kagalu kanu kakudya, kungoti kakudikira kuti anthu agone. Chikukavuta ndi mantha. Mwana wa galu amazolowera anthu makamaka pakati pa masabata 3 ndi 12 chibadwire, ndipo kanuko nthawi imeneyo kanali m'ngalande, mwina kakugendedwa. Inu mukatambasula dzanja kuti mukasisite, iko kamaona ngati kukubwera mwala.

Ndiye chonde musakakoke kuseriko. Kayalireni chiguduli komweko, kadziwe kuti kali ndi malo amene palibe amakavutitsa. Chakudya azikapatsa munthu mmodzi, pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Madzulo khalani pansi chapatali, mokapatsa mbali, osakayang'ana m'maso, chifukwa kwa galu kuyang'anitsitsa ndi kuopseza. Sendani nyemba zanu, muzilankhula motsitsa, n'kumaponya usipa umodziumodzi chakufupi ndi iko. Mawa usipawo ugwere pafupi pang'ono ndi inu. Tsiku lina mudzangomva kamphuno kozizira pamwendo, ndipo ngakhale tsiku limenelo musafulumire kukagwira pamutu. Kasiyeni kanunkhize.

Kukodzako si mwano, ndi mmene galu wamantha amasonyezera kuti wagonja. Mukakakalipira kapena kukamenya kadzawonjeza. Anawo auzeni kuti asakathamangitse, asakazungulire onse atatu pakamodzi. Bambo apempheni apirire. Masabata awiri ndi ochepa kwambiri, agalu ena amatenga miyezi itatu kapena kuposa, ndipo sindikunamizani, alipo amene amakhalabe amanyazi kwa alendo moyo wawo wonse koma pakhomo ali omasuka. Chimodzi chokha: kakasiyiratu kudya, kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, thamangani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Zimenezo zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a parvo, amene amapha ana agalu m'masiku ochepa. Onaninso khadi lake la katemera kuti muone wotsatira ndi wa liti.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Ndirande ku Blantyre:

"Ndinatola kagalu kumsika, koma ndi kamantha zedi. Anzanga akuti ndizikatsekera m'khola tsiku lonse ndi kukathirira tsabola m'chakudya kuti kalusire akuba. Dzulo mphwanga anakakoka m'kholamo, kanamuluma pang'ono pachala."

Achimwene, tiyambe ndi mwanayo, ndipo ngati mukumvera pano nyamukani. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala lero lomwe, ngakhale balalo likhale laling'ono ngati lokandidwa ndi minga. Galu wotola simudziwa ngati anabayidwa katemera, ndipo chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichiritsika. Kagaluko musakaphe kapena kukataya. Kasungeni poti sikangalume wina, mukaonetsetse kwa masiku 10, ndipo adziwitseni a zaziweto. Inu muli ndi mwayi kumeneko, chifukwa kuyambira 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe mwaulere mumzinda wa Blantyre, komanso kuli a bungwe losamalira nyama la BSPCA amene angakuthandizeni.

Za tsabolazo zimandiwawa mtima, chifukwa ndimazimva kawirikawiri. Tsabola amangokapweteka m'kamwa ndi m'mimba. Kutsekera galu wamantha m'khola lamdima kumamuphunzitsa kuti dzanja lililonse ndi mdani, ndipo woyamba kulumidwa amakhala wapakhomo pomwepo, monga mwaonera kwa mphwanu. Galu amene amalondera bwino ndi uja wakhuta, amayendayenda pabwalo, amadziwa fungo la aliyense wa m'nyumbamo. Ameneyo phazi lachilendo likaponda usiku amauwa yekha, osachita kumuphunzitsa.

Pomaliza, uthenga wa pafoni wochokera ku Zomba: agogo akufunsa ngati n'zotheka kusintha dzina la galu amene apatsidwa ali wamkulu kale. N'zotheka, agogo. Tchulani dzina latsopanolo nthawi iliyonse mukumupatsa chakudya, koma musalitchule pomukalipira. Pakangopita masiku angapo ayamba kutembenuka mukamuitana.