Musanachoke pagombe ndi boti, onani ngati injini ikukodza

Abale anga amene mukumvera ku Zumbo, ku Mágoè, ku Chicoa mpaka ku Songo, nyanja ya Cahora Bassa ndi yaitali makilomita oposa 200, ndipo injini ikakuzimirani pakati palibe makaniko amene angakupezeni. Tiyambe ndi petulo, amene ambiri kuno timati gasolina. Ayi, pepani, tiyambe ndi madzi, chifukwa nkhani ya madziyi ndi imene inandigoneka ine kutchire.

Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. M'mwendo mwa injini, pamwamba pa magiya, muli kampira ka mapiko kamene amakaniko amati impela, ndipo ndi kamene kamapopa madzi kuti akwere kumutu. Mukaliza injini, yang'anani kumbuyo kwake. Pali kabowo kamene madzi ayenera kutulukira mwamphamvu ngati mwana akukodza. Ngati sakutuluka, zimitsani nthawi yomweyo. Mwina ndi mchenga kapena mavu amene atseka kabowoko, ndiye tokosani ndi ulusi wokhuthala wa mbedza. Mwina ndi namasupuni amene wamata potengera madzi kunsi. Koma zonsezi zikakhala bwino madzi osatulukabe, dziwani kuti kampira katha.

Ndibwereze, pakuti apa ndi pamene ndinalakwitsa. Musalize injini pamtunda mwendo wake uli pouma, ngakhale mongoimva kulira kokha. Ine ndinatero m'mawa wina, kanthawi kochepa kwambiri, ndipo kampirako kanapsa ine osadziwa. Titayenda pafupifupi ola limodzi, injini inayamba kununkha, mutu wake n'kutentha moti sungaugwire, kenako inangoti zii. Tinapalasa ndi nkhafi imodzi pakati pa mitengo youma ija yoima m'madzi, mvuu zikulira pafupi, mpaka tinakagona pagombe popanda mudzi. Ngati mukufuna kuiyesa pakhomo, ikani mwendowo mumgolo wodzaza madzi, madziwo amize bwino malo onse amene pali kampira. Mumgolo, abale anga, osati m'beseni.

Tsopano petulo uja. Injini zambiri za 2-stroke, monga Yamaha ya 15 imene yafala kuno, zimafuna oilo wakewake wosakaniza m'petulo, kawirikawiri muyezo umodzi wa oilo pa miyezo 50 ya petulo, ndiye kuti theka la lita pa malita 25, koma tsimikizani m'buku la injini yanu. Mnyamata wina amene timawedza naye ankathira oilo wa galimoto, ati ndi wotchipa, tinamuuza kangapo osamva, mapulagi ake ankada sabata iliyonse mpaka injini inamutopetsa. Kasikuluwu ka mpweya kapachivundikiro cha thanki mukamasule, apo ayi injini iyenda pang'ono n'kuzima.

Oilo wa magiya ndimaiwala. Masulani sikuluwu yapansi pa mwendo wa injini, pamene pali magiya, ndipo oiloyo akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Kawirikawiri ndi ulusi wa ukonde umene wakulungana kuseri kwa pulopela n'kudula silo, labala yotchinga madzi kuti asalowe m'magiya, choncho chotsani pulopelayo muone. Pothira watsopano yambirani bowo lapansi mpaka atulukire lapamwamba, mutseke lapamwamba choyamba, lapansi pambuyo.

M'kachitini mwanu musasowe mapulagi awiri, sipanala yake, mapini a pulopela, chingwe cholizira ndi impela yatsopano. Nkhafi zikhale ziwiri.