Mwala wobedwa sukhala wopanda wogula

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Miyambo 20:17, pamene akunena kuti chakudya chopeza mwachinyengo chimakoma, koma pambuyo pake mkamwa mumadzaza tinsangalabwi.

Mu 1871 anthu anakhamukira ku Kimberley, ku South Africa, atamva za dayamondi. Malo okumba anawadula timagawo ta mamita osakwana 10 mbali iliyonse, ndipo posakhalitsa panadzaza matenti, malo omwera mowa ndi ogula miyala. Dayamondi ndi kamwala kakang'ono koti kabisika paliponse: kunsi kwa lilime, m'tsitsi, pabala lodzicheka dala. Ena mwa antchito okumba ankangomeza. Usiku ankakagulitsa kwa ogula amseri pamtengo wozizira, malonda amene ankatchedwa IDB, kutanthauza kugula dayamondi mozembera lamulo, ndipo miyala ina inkaoloka malire a dziko la Orange Free State omwe anali pafupi.

Boma la Cape, lomwe linkalamulira Kimberley, linakhwimitsa lamulo mu 1882. Wopezeka ndi dayamondi wosasema analibe mwayi woti boma limutsimikizire mlandu. Iye mwini ndiye ankayenera kusonyeza kumene wautenga, ndipo milanduyi inkapita kukhoti lapadera. Apolisi ankatchera motere: ayeza kulemera kwa mwala, alemba maonekedwe ake, aupereka kwa munthu wawo atamusecha kaye, iye akaugulitsa kwa amene akumukayikira, apolisi abisala pafupi. Ndalama ikangosinthana manja, amugwira wogulayo mwala uli m'thumba. Ambiri anakathera kudoko la Cape Town, kuswa miyala yomangira chipupa chotchinga mafunde.

Koma njirayi inali ndi chilema chake. Wotumidwa uja ankadyera pa kugwiritsa anthu, choncho mwala umatha kuponyedwa m'chovala cha munthu wosalakwa. Ndipo katundu wolemera wa lamulo anagwera antchito akuda. Kuyambira cha m'ma 1885 eni migodi anayamba kuwatsekera m'makomboni a mpanda mpaka kontrakiti ithe. Asanatuluke ankawasunga masiku angapo, manja atawaveka zikopa zopanda zala, akuyang'anira chimbudzi chawo kuti mwala womezedwa utuluke. Tinsangalabwi ta vesi lija tinali tenitenidi kumeneko. Zimenezo sizinali chilungamo cha Mulungu ayi, zinali nkhanza, tisamazikometsere.

Chimene ndikufuna tione ndi ichi. Wokumba uja sakanameza mwala pakanapanda munthu womuyembekeza kuseri kwa tenti ndi ndalama. Wogulayo sanalowe m'dzenje, sanadetse manja, mwinanso Lamulungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Miyambo 29:24 imati wogawana ndi mbala amadana ndi moyo wake womwe.

Ambiri a ife sitinathyolepo nyumba. Nanga foni ija munagula pasiteji yopanda bokosi, yopanda tchaja, muli zithunzi za ana a eni ake? Nanga matumba a simenti amene mlonda wa pamalo omanga anakubweretserani madzulo, kapena dizilo wa m'chigubu wopopedwa m'galimoto ya kampani? Timati "sindinafunse", ngati kuti kusafunsako kumatiyeretsa.

Lero musanapereke ndalama funsani kuti katunduyu wachokera kuti, lisiti lake lili kuti, ndipo bwanji akugulitsidwa theka la mtengo wa m'sitolo. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, kapena akakana kuti mukaonere pagulu, bwezani ndalama m'thumba muzipita. Ngati m'nyumba mwanu muli kale chinthu chotere ndipo mwini wake mukumudziwa, pemphani mkulu wa mpingo akuperekezeni mukachibweze sabata isanathe.