Madzi poyamba, moto pambuyo: kuyatsa ndi kusamala boyila ya gasi

Zikomo amayi ndi abambo, zikomo achimwene ndi achemwali nonse. Amene muli kumbuyoko, mukaleka kundimva mukweze dzanja.

Anyamata athu ambiri akafika kuno ku Joni amapeza ntchito kochapira zovala za m'mahotela ndi m'zipatala, kapena kopanga zakudya za m'zitini. Malo onsewa kuseri kwake kumakhala chipinda cha boyila, chithanki chowiritsa madzi kuti apange nthunzi, ndipo tsiku lina bwana amangoti, "Iwe, woyang'anira sanabwere, kadine batani lobiriwira lija." Ndaimirira pano chifukwa cha batani limenelo.

Kwathu boyila timazidziwa. M'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amasonkhezera nkhuni za bulugamu, ku Nchalo ndi ku Dwangwa amawotcha zotsalira za nzimbe. Moto umenewo umaoneka ndi maso. Kuno ziliponso za gasi, wochokera ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, amene wakhala akuyenda mupaipi ya makilomita 865 kukafika ku Secunda, kuno ku South Africa, kuyambira 2004. Gasi saoneka. Akhoza kudzaza ng'anjo yonse inu muli chiimire pomwepo.

Koma ndiyambe ndi madzi, chifukwa amene amapha anthu ambiri ndi madzi. Pa pulesha ya mabaa 10 (baa ndi muyeso wa kupanikizika), madzi a muboyila amakhala pa madigiri pafupifupi 184, koma akadali madzi chifukwa apanikizidwa. Chitsulo chikang'ambika, gawo la madziwo limasanduka nthunzi kamodzin'kamodzi, ndipo lita imodzi ikasanduka nthunzi imafuna malo a malita oposa 1,600. Khoma silingaime. Pa 20 Malichi 1905 ku Brockton, ku Massachusetts m'dziko la America, boyila ya fakitale ya nsapato ya Grover inaphulika, n'kuboola nyumba mpaka kutulukira kudenga. Anthu 58 anafa. Malamulo okhwima a boyila kumeneko anabwera pambuyo pa maliro amenewo.

Tsono mukalowa m'chipindamo m'mawa, musathamangire batani. Nunkhizani kaye. Gasiyu amamuthira fungo dala kuti akamadontha mumve. Mukalimva, musayatse nyale ngakhale kudina switchi iliyonse. Tsekani valavu yaikulu ya gasi, tsegulani zitseko, tulukani mukaitane odziwa. Polumikizira paipi pamene mukupakayikira pakanipo thovu la sopo. Machesi ayi, chonde. Ngati malo anu amagwiritsa ntchito gasi wa m'masilinda, dziwani kuti ameneyo ndi wolemera kuposa mpweya, amakhazikika pansi ndi m'ngalande, pamene wa mupaipi amakwera kudenga.

Kenako galasi la madzi, kagalasi koimirira kali pambali pa boyila kaja. Madzi akhale chapakati. Komatu galasi limanama. Timabowo take tikatsekeka ndi matope, limasonyeza madzi adzulo pamene m'kati mwauma. N'chifukwa chake pulesha ikakwera timalipemerera. Galasilo lili ndi timipopi titatu: ka madzi, ka nthunzi ndi kotayira. Tsekani ka madzi, tsegulani kotayira, mumve nthunzi ikulira mwamphamvu. Kenako tsekani ka nthunzi, tsegulani ka madzi, nawo atuluke. Mukatseka kotayira n'kutsegula zonse ziwiri, madzi abwerere m'galasi msangamsanga n'kumavinavina pang'ono. Akamakwera mwaulesi, kapena akangoti zii osagwedezeka, pena patsekeka, ndipo galasilo musalikhulupirire mpaka litakonzedwa. Izi n'za tsiku lililonse, shifiti iliyonse.

Mukaona kuti thanki ili ndi madzi, pampu ikuyenda, ndi pamene mumadina batani. Fani imayamba kupemerera koma moto osayaka. Ena amaona ngati makina akuchedwa. Sakuchedwa, akutsuka ng'anjo. Gasi wa mupaipi amaphulika akasakanikirana ndi mpweya pamlingo wa pakati pa 5 ndi 15 pa 100 alionse, ndiye faniyo ikukankhira kunja wotsalira yense kamoto koyatsira kasanathetheke. Aliyense wofupikitsa nthawi imeneyi akuseweretsa miyoyo ya anzake.

Moto ukakana, makina amadzitseka okha, nyale yofiira n'kuyaka. Apa ndiye pamene ndikudandaulirani, ana anga. Dinani reset, batani loyambitsanso makina, kamodzi. Ikakananso, siyani, kaitaneni mmisiri. Kudinadina n'kuthira gasi wosapsa m'ng'anjo mobwerezabwereza, ndipo tsiku limene adzayake adzakankha chitseko chakutsogolo, pomwe inu mwaima.

Ukayaka, suzumirani pakagalasi ka kumbuyo. Lawi labwino ndi labuluu, lokhazikika. Likakhala lachikasu, lotaya mwaye, mpweya ukuchepa, ndipo moto wotero umatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Mutu ukayamba kuwawa m'chipinda cha boyila, tulukani panja, musati ndi malungo. Ndipo mabowo olowera mpweya aja musamawatseke ndi makatoni m'mwezi wa Juni chifukwa cha kuzizira.

Boyila yozizira timaitenthetsa ndi moto wochepa, pang'onopang'ono, ngakhale maola angapo ngati ili yaikulu. Chitsulo chimafutukuka chikatentha, ndipo mbali ina ikatentha inzake ikadali yozizira, mapaipi a m'kati amayamba kudontha polumikizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kavalavu kotulutsira mpweya pamwamba kakhale kotsegula mpaka katayamba kulavula nthunzi. Valavu yaikulu ya nthunzi tsegulani pang'ono chabe poyamba, mutataya madzi ogona m'mapaipi. Kupanda kutero nthunzi imakankha madziwo ngati chipolopolo, mumve gu! gu! gu!, ndipo nthawi zina paipi imathyoka.

Nanga mutayang'ana m'galasi n'kupeza mulibe madzi, moto ukuyaka? Mtima umati thira madzi msanga. Musatero. Madzi ozizira akagwera pachitsulo chofiira, ndi pomwepo boyila imaphulika. Tsekani gasi, musayatse pampu, chotsani anthu, isiyeni izizire yokha, ndipo isayakenso asanaione woyeza. Pali kachipangizo kamene kamazimitsa moto madzi akatsika. Kayeseni monga likunenera buku la boyila yanu. Ndinaonapo pamalo ena atakalumikiza ndi waya kuti kasamavutitse. Valavu yotulutsa pulesha yopitirira nayonso ena amaimanga chifukwa ikuchita phokoso. Mukaona zotere, kanani kuyatsa. Ntchito ina mudzaipeza.

Za kuyeretsa tsopano. Gasi sasiya phulusa, ndiye litsiro lalikulu lili kumbali ya madzi. Mwaona zoyera zimene zimakakamira pansi pa ketulo? Muboyila zimakakamira pamapaipi, kutentha kumalephera kudutsa, gasi amatha wambiri, chitsulo chimapsa mpaka kufewa. Softener ndiyo imachotsa miyala yosungunuka m'madzi, koma imafuna mchere; thanki yake ya mchere ikauma, ndiye kuti ikungodutsitsa madzi. Thanki ya madzi olowa muboyila ikhale yotentha, madigiri 80 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa madzi ozizira amasunga okosijeni amene amaboola chitsulo ndi dzimbiri. Ndipo tsiku lililonse pali blowdown: kutsegula valavu yapansi kwa masekondi ochepa kuti matope atuluke. Kanthawi kochepa chabe, maso ali pagalasi. Osaisiya yotsegula n'kupita kukayankha foni.

Kuyeretsa kwakukulu ndi kwa pachaka. Zimitsani, ilekeni izizire yokha usiku wonse, geji ya pulesha ifike pa 0, mutsegule kavalavu ka mpweya musanakhudze nati iliyonse. Valavu ya gasi, ya nthunzi ndi magetsi zikhale ndi loko, kiyi ali m'thumba mwanu, osati mwa mnzanu. Mapaipi a moto timawapala ndi burashi yawaya, kadiso koona lawi timakapukuta ndi kansalu kofewa, m'kati timatsuka ndi madzi amphamvu. Wolowa m'kati asalowe popanda mnzake woima pakhomo. Malamulo a dziko lino a Pressure Equipment Regulations a 2009 amafuna kuti boyila iziyezedwa ndi oyeza ovomerezeka, ndipo kuyesa mphamvu yake ndi madzi kuzichitika miyezi 36 isanapitirire. Muli ndi ufulu wofunsa kuti pepala lake lili kuti.

Potseka, ikani magasiketi atsopano, zomatira za m'mphepete zoletsa kudontha, pazitseko zonse, akale musabwezerepo ngakhale akuoneka abwino. Ikayamba kufunda muyendere zitsekozo, chifukwa gasiketi yatsopano imaphwa ikatentha ndipo manati amafuna kukungidwanso pulesha isanakwere. Zonse mwachitazo, tsiku, ola ndi dzina lanu, zilowe m'buku la boyila musanaweruke.