Dzanzi m'manja pa njinga: ndi chishalo kapena ndi chakudya?

Moni anzanga opalasa. Lero ndaima m'munsi mwa msewu wokwera ku Chawe, pa phiri la Zomba, chifukwa funso lomwe ndikufuna kuyankha limabadwira pa msewu umenewu. Mnyamata wina amene wangogula kumene njinga yampikisano wandifunsa kuti: "Achimwene, ndinasiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Tsopano ndikamatsika phiri manja amachita dzanzi. Kodi ndi chakudyachi?"

Musanathamangire kunena nyemba, yang'anani kaye zala zanu. Tambasulani dzanja ngati ine apa.

Ngati dzanzi lagwira kachala kotsiriza ndi mbali imodzi ya koyandikana nako, mwapanikiza mtsempha wotchedwa ulnar, womwe umadutsa m'mphepete mwa chikhatho. Likagwira chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ndi mtsempha wina, wa median, umene umafinyika mukapinda dzanja kwambiri pa handulo. Dzanzi lotere limayamba muli pa njinga, mukatsika pa njingapo n'kugwedeza manja limayamba kuchoka. Mlandu ndi wa njinga ndi kakhalidwe kanu.

Onani chishalo changachi. Mphuno yake ikaweramira pansi, thupi limatsetserekera kutsogolo, ndipo kulemera konse kumathera m'zikhatho. Chiwongoleni chikhale chathyathyathya. Handulo ikakhala kutali kapena pansi kwambiri, isendezeni pafupi kapena ikwezeni. Zigongono zipindike pang'ono, musamaziumitse ngati mukukankha wilibala. Musinthe pogwira pafupipafupi. Handulo yopindikayi anaipanga kuti mukhale ndi malo atatu ogwira, koma oyamba kumene amakakamira malo amodzi kuchokera ku Zomba mpaka ku Liwonde. Matayala musapope mpaka kuuma gwa, chifukwa kunjenjemera konse kwa msewu kumakwera m'manja. Magolovesi amathandiza, koma sangakonze chishalo chopendekeka.

Potsika ku Chawe ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Mantha a makona aja amatichititsa kufinya mabuleki osalekeza. Finyani, siyani, finyaninso.

Tsopano za chakudya. Pali dzanzi lina lomwe silisamala kuti muli pa njinga kapena mwagona: limagwira manja onse awiri, nthawi zambiri ndi mapazi omwe, ndipo munthu amatopa msanga. Limeneli likhoza kukhala la kuchepa kwa vitamini B12. Vitaminiyu amapezeka m'zanyama. Mu bonongwe, nkhwani kapena nandolo mulibe. Munthu wamkulu amafunika mamaikirogalamu 2.4 patsiku, ndipo chiwindi chimasunga kwa zaka ndithu, n'chifukwa chake vutoli limabwera mochedwa, munthu ataiwala kale tsiku lomwe anasiya usipa. Ngati simudya zanyama, mapiritsi a B12 ndi ofunika, apa palibe zokambirana. Ndipo dzanzi likapitirira masiku angapo, kapena zala zikayamba kulephera kumanga mabatani, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi. Mitsempha ikaonongeka kwa nthawi yaitali sichira msanga.

Zina zonse msika wa Zomba uli nazo. Nsima, mbatata ndi mpunga ndiwo mafuta opalasira. Nyemba, nandolo, soya ndi chiponde zimamanga minofu. Masamba muzidyera limodzi ndi tomato, mandimu kapena malambe kuti ayironi alowe bwino m'thupi, ndipo tiyi mudikire kaye, musamwere pa mbale, amatchinga ayironiyo.

Ulendo ukapitirira ola ndi theka, muzidya muli m'njira, musadikire njala. Nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola, madzi pang'onopang'ono. Ine ndimaika mbatata yophika yothira mchere m'thumba la kumsana. Ena amaseka, koma ku Domasi ndi iwo amene amandipempha.

Loweruka likubwerali wongolani chishalo chokha, china chilichonse musakhudze, mukwere mpaka pa damu la Mulunguzi. Pobwerera mudzandiuze kuti ndi zala ziti zachita dzanzi, komanso lachoka patapita mphindi zingati.