Mphezi Aiyeza Bwanji Kutentha Kwake?

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Mwana wina anandifunsa pobwera kuno kuti, "Aphunzitsi, mphezi ikang'anima pa nyanja ya Malombe, amadziwa bwanji kutentha kwake?" Ndiyambire pomwepo.

Mphezi si moto wa nkhuni ayi. Ndi mpweya umene watentha mpaka maatomu ake, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthu chilichonse, ataya maelekitironi, tizigawo tawo takunja tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Asayansi amati plasma. Dzuwa nalo ndi plasma, chimodzimodzi kuwala kothobwa m'maso kwa anyamata owotcherera zitsulo pa boma paja. Nanga choyezera kutentha cha kuchipatala mungachipise mmenemo? Chingasungunuke pomwepo. Ndiye amayeza kuwala kwake ali patali.

Wosula amazidziwa kale izi. Chitsulo chikafiira chatentha, chikayera mbuu ndiye chapyola. Asayansi amadutsitsa kuwalako m'kachipangizo kotchedwa spectrometer, kamene kamakumwaza ngati utawaleza, ndipo mkatimo mumaoneka timizere. Atomu iliyonse ili ndi timizere take, sizisokonekera, monga msodzi sasokoneza chambo ndi kampango. Wazani mchere pa moto, lawi lichita chikasu. Ameneyo ndi sodium, atomu ya mu mchere.

Tsono apa mumvetsetse. Kabaza wa njinga yamoto akamabwera, kulira kwake kumakwera, akadutsa kumatsika. Kuwala kumateronso. Maatomu otentha amathamanga, ena kulunjika kwa ife, ena kutithawa, ndiye kamzere kamene kanali kowonda kamanenepa. Kunenepako ndiko kumaulula kutentha. Njira ina, amayerekeza timizere tiwiri ta atomu imodzi, poti kena kamawala kwambiri pokhapokha kutentha kwakwera. Ndi njira imeneyi anapeza kuti mphezi imafika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa pamwamba pa dzuwa pamene ndi pafupifupi 5,500.

Nkhani imene imandisangalatsa ine ndi iyi. Mu 1869, pa kadamsana, asayansi anaona kamzere kobiriwira m'kuwala kozungulira dzuwa, nkumati apeza chinthu chatsopano. Patatha zaka zoposa 70, Bengt Edlén wa ku Sweden anasonyeza kuti chinali chitsulo wamba chimene chataya maelekitironi 13. Kuti chitsulo chivulidwe chotere, pamafunika madigiri oposa 1 miliyoni!

Ana inu, tengani CD yakale usiku uno, muipendeketse pa babu, muona kuwala kutamwazika mitundumitundu. Koma dzuwa ndi moto wa owotcherera musayang'ane ndi maso, mwamva?