Mwana amene tinasiya kupita naye kusikelo

Zikomo amayi, abambo ndi agogo nonse amene mwabwera. Amene muli kumbuyoko sendererani pafupi kuti timvane bwino.

Ndiyambe ndi funso. Ndi angati pano amene akudziwa kulemera kwa mwana wawo wa zaka 8 kapena 9? Kwezani dzanja. Ndaona manja awiri okha. Koma ndikanafunsa za khanda la miyezi 6, ambiri mukanatulutsa khadi la kusikelo n'kundiwerengera makilogalamu ake. Mwana akangokwanitsa zaka 5 timasiya kupita naye kusikelo, amayamba sukulu, ndipo mumtima timati wakula ameneyu, akudzidyera yekha. Nkhani yanga lero ili pa mwana ameneyu.

Tsiku lina ndinalowa m'kalasi cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo ndinapeza kamtsikana ka zaka 9 katagonetsa mutu pa desiki. Aphunzitsi anandiuza kuti n'kaulesi, tsiku lililonse kamatero. Ndinamupempha mwanayo kuti anditambasulire manja. M'zikhatho munali moyera mbuu. Nditakokera pansi chikope chake, m'kati mmene mumayenera kukhala mofiira munali motuwa. Kuchipatala anapeza kuti magazi ake ndi ochepa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 11 akayezedwa magazi n'kupezeka kuti mlingo wa magazi ake sukufika pa 11.5, ndiye kuti ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mtsikanayu anali pansi pa mlingowo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene ndinakapeza kunyumba. Chakudya chinalipo. Mayi ake anamwalira, ndipo ankakhala ndi abale amene anali ndi ana awo anayi, onse anyamata, onse aakulu kwa iye. M'mawa ankadzuka woyamba, kusesa, kutsuka mbale, n'kuthamangira kusukulu m'mimba muli pululu. Madzulo ana onse asanu ankadyera m'mbale imodzi. Anyamatawo ankadya mothamanga, iye ankadya pang'onopang'ono ndiponso mwamanyazi, monga amachitira mwana amene akudziwa kuti pakhomopo si pa mayi ake. Akamati atambasule dzanja kachitatu, ndiwo zatha. Palibe amene ankamumana dala, kungoti panalibe munthu wamkulu woyang'ana mmene mbaleyo ikuthera.

Sindikupeputsa umphawi ayi. Pali makomo amene moto umayaka kamodzi patsiku, ndipo kumuuza mayi wa pakhomo lotero kuti azisinthasintha zakudya ndi kumupweteka mtima. Komabe mu 1990 bungwe loona za ana la UNICEF linafotokoza kuti kunyentchera kwa ana kumachokera ku zinthu zitatu zoyendera limodzi: chakudya chimene chilipo pakhomo, chisamaliro chimene mwana akulandira, ndi ukhondo pamodzi ndi thandizo la kuchipatala. Ife timakonda kukamba za choyambacho basi. Ndaonapo nyumba ziwiri zoyandikana, zopeza mofanana, koma ana a nyumba ina ali ojintcha, a nyumba inayo ali opinimbira. Kusiyana kwake kumakhala pa chisamaliro.

Abambo, apa ndilankhule ndi inu. Ndalama ikalowa m'nyumba, ndani amanena kuti igwire ntchito yanji? Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wakhala akusonyeza kuti mayi akakhala ndi mawu pa ndalama za pakhomo, zambiri zimapita ku chakudya ndi thanzi la ana. Akakhala wongopempha, ndipo pempho lililonse likubala mkangano, amasiya kupempha. Mowa ukamadya ndalama za ndiwo, amene amalipira ndi mwana uja wagona pa desiki. Ndipo m'nyumba ya ndewu mwana sadya bwino ngakhale chakudya chitakhalapo. Mayi amene wamenyedwa, kapena amene akuvutika maganizo, amaphika ndithu, koma mphamvu yokhala pansi n'kuona ngati wamng'onoyo wakhuta amakhala alibe. Komanso kagawidwe ka ndiwo. Nyama, nsomba kapena dzira zikapezeka, nthuli yaikulu imapita kwa munthu amene anasiya kale kukula, pamene mwana amene mafupa ake akutalika chaka ndi chaka amangopatsidwa msuzi. Ulemu kwa bambo ndi wabwino, koma ndikukupemphani kuti inuyo abambo mukhale oyamba kunena kuti, "Apatseni kaye anawa."

Sukulu ya mayi nayo ndi nkhani yaikulu. M'chaka cha 2000 akatswiri awiri, Lisa Smith ndi Lawrence Haddad, anaunika zimene zinachepetsa kunyentchera kwa ana m'mayiko osauka kuyambira 1970 mpaka 1995. Anapeza kuti kuphunzira kwa amayi kunathandiza ndi magawo 43 pa 100 aliwonse, kuposa kuchuluka kwa chakudya m'mayikomo. Izi sizikutanthauza kuti mayi wosaphunzira sakonda mwana wake. Koma amene anapitako kusukulu amawerenga malangizo a mankhwala, amafunsa namwino mopanda mantha, amathamangira kuchipatala matenda asanakule, ndipo kawirikawiri amachedwerapo kukwatiwa. Mtsikana akatenga mimba ali ndi zaka 15, thupi lake ndi la khanda zimalimbirana chakudya chimodzi, chifukwa nayenso akukula. Khandalo likhoza kubadwa lochepa thupi. Masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndi amene amaumba msinkhu ndi ubongo. Ana ambiri amene timawaona m'kalasi ali aafupi kusiyana ndi zaka zawo anapinimbirira pamenepo. Mu 2022 ana osakwana zaka 5 opinimbira analipo pafupifupi 148 miliyoni padziko lonse, ndipo ambiri a iwo pano ali m'makalasi.

Za kutumbiza mukuzidziwa. WHO imalangiza kuti mayi akabereka papite miyezi yosachepera 24 asanatengenso mimba ina. Ana akabadwa mothithikana, maso onse a mayi amakhala pa wakumsana, ndipo wa zaka 7 uja amasanduka mlezi wa azing'ono ake.

Pali akuba ena amene amadya limodzi ndi mwana m'mimba mwake momwemo. Ndikunena njoka za m'mimba. Pakhomo popanda chimbudzi chabwino, pamene ana amayenda opanda nsapato ndi kudya osasamba m'manja ndi sopo, njokazi zimalowa mosavuta, ndipo zina zimayamwa magazi m'matumbo. Kutsegula m'mimba kobwerezabwereza nako kumataya chakudya thupi lisanachigwiritse ntchito. Mankhwala a njoka alipo, monga albendazole, ndipo m'madera amene vutoli ndi lofala ana amayenera kumwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Akamagawa kusukulu musamuletse mwana kumwa.

Amayi ena akundiyang'ana ngati akuti, wanga ndi wonenepa, nkhaniyi si yanga. Ndi yanunso. WHO inati mu 2022 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 opitirira 390 miliyoni anali onenepa mopitirira muyeso. Makolo akakhala otanganidwa, amangomupatsa mwana ndalama kuti akagule chakudya yekha, ndipo mwana amagula zotsekemera, zokazinga ndi zakumwa za shuga. Mimba imadzaza, thupi limakula, koma ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, ndi mavitamini mulibe. Mwana wotere akhoza kukhala wonenepa magazi ali ochepa.

Ndiye tikabwerera kunyumba tichite chiyani? Wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, kapena munthu wamkulu akhale nawo pamene akudya. Asapite kusukulu osalawa kanthu, ngakhale chotsala cha dzulo chotenthetsa bwino. Ngati kusukulu kuli chakudya, musachiwerengere ngati cholowa m'malo mwa cha kunyumba. Tiyi musamupatse pa nthawi ya chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pamene chipatso chimathandiza. Mchere ukhale wa ayodini. Atsikana amene ayamba kusamba muziwaganizira mwapadera, pakuti amataya magazi mwezi ndi mwezi.

Kamtsikana kaja kanalandira mankhwala a njoka ndi oonjezera magazi, ndipo nditakambirana ndi abale akewo anakagulira kambale kakekake. Patapita miyezi itatu aphunzitsi omwe aja anandiuza kuti kayamba kukweza dzanja m'kalasi.

Sikelo tabwera nayo, ili pakhomopo pamodzi ndi choyezera msinkhu. Amene mwabwera ndi ana a zaka 5 kupita m'tsogolo, musachoke tisanawayeze. Agogo amene mukulera adzukulu ndi inu amene mukusunga ana amasiye, tiyambe ndi inu.